Mafuwa Atatu, Mphika Umodzi

Tsiku lina la Sabata titatuluka m'nyumba ya mapemphero, mnyamata wina wa mumpingo mwathu ananditsata kufikira pa mtengo wa mango umene titsamiritsapo njinga zathu, nati kwa ine, "Adada, ndamva kuti banja lanu linali ndi nyumba zodyeramo zitatu, ndi kanema yemwe. Ine ndili nayo imodzi, ndipo iyenda bwino. Tsono ndifuna kutsegula yachiwiri. Mundilangize." Ine ndinamuyang'ana nthawi yaitali osapeza mawu, ndipo potsiriza ndinangomuuza kuti dzuwa lakula, tidzakamba tsiku lina. Usiku umenewo sindinaone tulo, pakuti ndinadziwa kuti dzuwa ndalinamizira. Chimene chinanditseka pakamwa ndi manyazi. Chifukwa chake ndatenga cholembera, kuti zimene ndinalephera kunena pansi pa mango ndizinene pano, azimve iye pamodzi ndi ena amene mitima yawo ili kutentha ndi maganizo omwewo.

Kwathu ndi ku Nkhamanga, dziko la Themba la Mathemba Chikulamayembe, m'boma la Rumphi. Ife tilankhula Chitumbuka, ndipo mawu a abale anga amene muwawerenge m'munsimu ndawatembenuza ndekha, kusiya maulemu okha monga tiitanirana kwathu. Ine ndine mwana woyamba, ndipo popeza ndinali mphunzitsi, banja linandipatsa ine ntchito yosunga buku la ndalama. Musunge mawu amenewa, pakuti mlandu waukulu wa m'nkhaniyi uli m'buku limenelo.

Nyumba yoyamba anaiyamba ndi amayi, angakhale anthu anaitchula dzina la atate. Chinali chisakasa cha udzu pafupi ndi pokwerera basi pa boma la Rumphi, Kamuzu akali pampando, ndipo amayi anali kugulitsamo nsima ya nyemba ndi mpiru kwa anthu odikira ulendo. Atate anali ku Kitwe, kumene anali wophika m'nyumba ya Mzungu wa ku migodi ya mkuwa. Pobwera kumudzi sanadze ndi chuma chambiri, koma anadza ndi luso lowotcha masikono. Anamanga uvuni wa njerwa, nagwetsa chisakasa, naimika nyumba ya malata. Anaikanso malamulo atatu: mowa usalowe, pa Sabata chitseko chikhale chotseka, ndipo ndalama zonse zilowe m'chitini chimodzi chimene chinali kugona pansi pa kama wawo. Malamulo awiri oyambawo ndiwalemekeza kufikira lero. Lachitatu linali labwino pamene nyumba inali imodzi.

Chimene chinatikweza ndi fodya. Kufikira cha m'ma 1990 lamulo silinalole munthu wamba kulima fodya wa burley pa munda wake, anali wa eni maesiteti okha. Koma pamene lamulo linamasuka, chigwa cha Henga ndi Nkhamanga yense zinadzala zigafa. Msika wa ku Mzuzu ukatsegulidwa cha mu Epulo, alimi anali kufika pa boma kudzatapa ndalama, kugula malata ndi njinga, ndipo munthu amene chaka chonse anadya nkhwani anali kuitanitsa nyama ya mbuzi, nthuli zinayi, ndi tiyi wamkaka pamwamba. Pambuyo pawo anali kudza matenanti, anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Machinga, amene anali kulandira malipiro awo kamodzi pa chaka. Koma mvula ikayamba, mu Novembala kufikira mu Malichi, boma lonse linali kungoti zii, ndipo tsiku lina mphika umodzi wa nsima sunali kutha. Kotero miyezi isanu inali kudyetsa miyezi khumi ndi iwiri. Ichi tinachidziwa, ndipo tinachizolowera monga munthu azolowera mwendo wotsimphina.

Kanema anadza naye ndi mng'ono wanga. Kumbukani kuti dziko lathu linalibe wailesi ya kanema yakeyake kufikira 1999, ndipo m'midzi munali akuluakulu ambiri amene anali asanaonepo chithunzi choyenda. Iye anagula kanema ndi makina a vidiyo oyendera batire ya galimoto, nakhoma mabenchi m'chipinda cha kuseri, natseka mazenera ndi mabulangete. Atate anavuta poyamba, koma anagonja pa pangano lakuti zithunzi zolaula zisaoneke, ndiponso ana a sukulu asalowe nthawi ya maphunziro. Pambuyo pake tinaika dishi padenga, ndipo mpira wa ku England unalowa m'nyumba mwathu. Ndalama ya pakhomo inali yochepa. Phindu lenileni linali lakuti munthu wodikira mpira amva njala, ndipo timu yake ikapambana agulira anzake tiyi ndi mandasi. Chipinda cha kanema chinali kudyetsa khitchini, ndipo fungo la khitchini linali kuitanira anthu ku kanema.

Nyumba yachiwiri tinaitsegula pa Bolero chifukwa cha chisoni, si chifukwa cha nzeru za malonda ayi. Mlongo wathu anaferedwa mwamuna, nabwerera kumudzi ndi ana anayi, ndipo atate anati apatsidwe pogwira. Tinachita lendi kanyumba pafupi ndi msika, tinaikamo kanema wakale amene pa boma tinali titamuleka, ndipo iye anayamba kuphika. Zinayenda, pakuti mlongo wangayo ndi munthu wowerenga ndi machesi omwe.

Yachitatu ndiyo inali ya nzeru, ndipo nzeruzo zinali zanga. M'chaka cha 2009 unatsegulidwa mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, ndipo msewu waukulu wotsika phiri kunka ku Chiweta, m'mbali mwa nyanja, unachuluka magalimoto: a kumgodiko, a malasha a pa Mchenga, ndi onyamula mafuta kuchokera ku Dar es Salaam. Pa Chiweta galimoto iliyonse iima, ndipo woyendetsa amene watsika kapena ali pafupi kukwera phiri limenelo afuna kupumula ndi kudya. Ndinakhala pansi ndi atate, ndipo ndinawafotokozera monga mphunzitsi afotokozera ana a Sitandade 2. Ndinati, "Adada, mphika sukhala pa fuwa limodzi, kapena pa awiri; ukhazikika pa atatu. Boma lidya kwa olandira malipiro a pamwezi, Bolero adya kwa alimi, Chiweta adzadya kwa msewu. Pamene wina ali ndi njala, mnzake adzakhala wokhuta." Atate anakhala chete nthawi yaitali, ndipo potsiriza analola kuti tikatenge ngongole ku banki ina ku Mzuzu, nyumba ya pa boma ikhale chikole. Nkhalamba ina ya ku Mulanje, imene inatsalira kwathu utenanti utaikanika ndipo inali kutiwazira nkhuni, itamva zimenezi inangoti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ife tinaseka, ndi kuipatsa tiyi.

Ndipo kunena zoona, chaka cha 2010 chinandiyesa mneneri. Mu Januwale anyamata a dziko lathu, motsogozedwa ndi Kinnah Phiri, anagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0 ku Angola, ndipo m'nyumba zathu zonse zitatu anthu anathyola mabenchi ndi chimwemwe, ife osadandaula. Mu Juni ndi Julayi mpira wa dziko lonse unachitikira ku South Africa, pakati penipeni pa msika wa fodya. Masiku amenewo tinali kupha mbuzi ziwiri pa tsiku, ndipo chitini cha atate chinachepa.

Chimene sindinachione m'fanizo langa, mkazi aliyense wa pamudzi achidziwa: mphika wokhala pa mafuwa atatu sufuna kuti onse atatu achoke kuti ugwe. Likasuntha limodzi lokha, ndiwo zili m'phulusa. Ndiponso mafuwa anga sanali osiyana monga ndinaganizira, pakuti onse anakhala pa dothi limodzi. M'chaka cha 2011 fodya anachuluka, mitengo inagwa, ndipo mabelo ambiri anabwezedwa ku okushoni. Alimi amene anadya kwa ife pa ngongole m'miyezi ya njala, nalonjeza kulipira akagulitsa, anayamba kudutsa kuseri kwa nyumba. Sindiwaweruza; ena a iwo anabwera ku Mzuzu alibe ndi ya basi yomwe. Koma fodya ndiye anali kubweretsa ndalama zakunja m'dziko, ndipo pamene iye anagwa, pamodzi ndi mavuto ena a masiku aja, mafuta a galimoto anasowa. Magalimoto anagona pa mizere masiku ambiri, ndipo msewu wa Chiweta unakhala chete monga wa kumunda. Njala ya alimi ndi njala ya msewu, zimene ine ndinati sizidzakumana, zinalowa pakhomo tsiku limodzi zitagwirana manja.

Mu Meyi 2012 kwacha inatsitsidwa mphamvu, kotero kuti dola imodzi, imene inali makwacha 168, inafika pa 250 tsiku limodzi. Mafuta a galimoto anabwerera, koma zonse zinakwera. Ndalama ya pamwezi yolipira dishi itsata dola. Mafuta ophikira, ufa wa tirigu ndi mafuta a jenereta chimodzimodzi. Ndipo chiwongoladzanja cha m'mabanki chinapitirira magawo 30 mwa 100. Pamenepo ndinaphunzira kuipa kwake kwa malonda a chakudya. Wogulitsa nsalu akapanda kugulitsa lero, apinda nsalu yake nadikira chaka chamawa; koma nsima yotsala ndi mkute, ndipo mkute sagula munthu. Uyenera kuphika usanadziwe ngati odya adzabwera, pakuti wapaulendo sadikira madzi awire. Lendi, malipiro a antchito, chiphaso cha malonda ndi ngongole ya ku banki sizidziwa kuti lero kwagwa mvula. Ndipo kukweza mtengo wa mbale n'kovuta, popeza wodya akumbukira bwino lomwe zimene analipira dzulo. Tsono uyamba kuchepetsa nthuli, iye naona, osanena kanthu, mawa nakadya kwa mnzako. Kunena za firiji yodzala nyama magetsi atazima masiku awiri, ndingoti amene ananunkhizapo adziwa.

Pa Chiweta panagwanso china chimene palibe wa ife akadachilota. Mu Malichi 2011 chivomezi ndi mafunde a nyanja zinaononga malo opangira magetsi a Fukushima ku Japan. Maiko ambiri anachita mantha ndi magetsi a mtundu umenewo, mtengo wa uranium unatsika chaka ndi chaka, ndipo mu 2014 ntchito ya pa Kayelekera inaimitsidwa, nikhala choncho zaka zambiri. Mng'ono wanga, amene anali kuyang'anira nyumba ya pa Chiweta, sanadziwe kumene kuli Japan kufikira ndinamuonetsa pa mapu a kusukulu. Anayang'ana nyanja zonse zili pakati, napukusa mutu, nati, "Akulu, madzi a kutali chotere andimiza bwanji ine?"

Zonsezi ndi zakunja, ndipo n'zokoma kuzinena, pakuti sizichititsa munthu manyazi. Tsopano ndinene za m'nyumba.

Nyumba yodyeramo ya banja ili ndi odya a mitundu iwiri, olipira ndi achibale. Aliyense wa kumudzi wodza ku chipatala cha pa boma, wodwala ndi womudikira yemwe, anali kudziwa kumene kuli nsima. Maliro akagwa, mpunga, shuga ndi nkhuni zinali kutuluka m'sitolo yathu, ndipo nyumba zonse zitatu zinali kutsekedwa masiku atatu kapena anayi, popeza antchito onse anali a mtundu umodzi, olira maliro amodzi. Ng'ombe za malowolo a mwana wa mbale wathu zinatuluka m'chitini. Mnyamata wotola ndalama pakhomo la kanema anali mdzukulu wa ankhazi, ndiwo alongo a atate. Ndinadziwa kuti anzake alowa ulere ndi kuti thumba lake lilemera, koma kumuchotsa kukadakhala mlandu wa pamudzi wotha chaka. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ananena zoona. Koma nyama ya m'firiji iola. Musandimve molakwa. Sindinena kuti tikadawabweza odwala pakhomo, pakuti nanga nyumbazo tinazimangira yani? Cholakwa chinali chakuti zonsezi sizinalembedwe. Zinali kutuluka monga madzi m'chidebe chobooka pansi, ndipo ife tinali kungodabwa kuti mtsinje waphwa.

Koma chachikulu ndi ichi, ndipo pano dzanja langa lilemera. Mwezi ukatha ndinali kuwerenga ndalama za nyumba iliyonse payokha pa kapepala, ndi kulemba m'buku chiwerengero chimodzi cha zonse pamodzi, kapepalako n'kukang'amba. Kuyambira 2012 kapepalako kanali kunena chinthu chimodzi mwezi ndi mwezi: Bolero atsala ndi kanthu, boma lingodzidyetsa lokha, Chiweta adya za anzake. Koma buku linali kuonetsa kaphindu pang'ono, ndipo atate poliona anali kugwedeza mutu mokondwa. Ndinabisa chifukwa nzeru ya Chiweta inali yanga. Ndinabisanso chifukwa cha mng'ono wanga, amene anamanga ulemu wake pa nyumba imeneyo, ndipo anthu a kunyanja anali kumutcha bwana. Ndinali kudziuza kuti chaka chamawa msewu udzadzuka. Chomwecho mwezi uliwonse ndinali kukwera galimoto kunka ku Bolero, mlongo wanga nandiphikira nkhuku, nanditulutsira ndalama zomanga bwino m'kansalu, osafunsa kanthu; ndipo ine ndinali kuzitenga kukatseka dzenje la kunyanja. Pamene banki inatiopsa za chikole, ndinakatenga katapila kuti nyumba ya atate isapite. Ngongole inabala ngongole.

Atate anamwalira osadziwa zimenezi, ndiponso osanena kuti nyumba iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje. Tinatsala atatu, aliyense mwini wa zonse ndiponso mwini wa chabe. Chaka chotsatira mwana wamkazi wa mlongo wanga anasankhidwa kukaphunzira unamwino, ndipo pamene amake anandipempha fizi, ndinawayankha kuti malonda avuta, mwanayo adikire chaka chimodzi. Anadikira zaka ziwiri, akutsuka mbale pa Bolero.

Pamene zinali kutero, kanema nayenso anali kufa imfa yake ya pang'onopang'ono. Mafoni anafika m'manja mwa anyamata, ndipo zithunzi zimene kale anali kulipira kuti aone anayamba kuziyendera nazo m'thumba. Unatsala ndi mpira wokha; koma oonetsa mpira anachuluka, ndipo ambiri a iwo anali kugulitsa mowa ndi kutsegula pa Sabata, tsiku limene ku England kuchitika masewera aakulu. Mng'ono wanga anapempha kuti lamulo la atate lifewe, koma amayi anakana ndi mawu amodzi. Ine ndinali mbali ya amayi, ndipo ndikali komweko. Koma ndinganame ndikati lamulolo silinatidyere ndalama. Linatidyera zambiri, ndipo wofuna kulitsata ayambe wawerenga mtengo wake. Mu Malichi 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, sukulu zinatsekedwa ndipo mpira wa ku England unaima kufikira mu Juni. Mu Januwale 2021 boma linaletsa misonkhano yopitirira anthu 50 ndi kuyenda usiku. Chaka chimenecho mwini katapila anaima pakhomo, ndipo ndinagulitsa jenereta ya pa Chiweta.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la 25 Januwale 2022. Dziko lathu linali litafika kwa nthawi yoyamba m'chigawo cha matimu 16 pa mpikisano wa Africa, ku Cameroon, ndipo usiku umenewo linali kukumana ndi Morocco. Wotsogolera kutsogolo anali Gabadinho Mhango, mwana wobadwira pa Chiweta pomwepo. Mng'ono wanga anati usiku umodzi umenewu udzatibwezera za miyezi itatu. Tinapha mbuzi pa ngongole, tinaphika mpunga wa Kilombero m'miphika yaikulu, ndipo ine ndinatsika phiri kukathandiza. Koma dzulo lake namondwe wotchedwa Ana anali atagwa kum'mwera, madzi a mu Shire naononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo pafupifupi dziko lonse linali mumdima. Tinadikira. Anthu anasonkhana pakhomo, nayang'ana babu, nayang'ana ife. Ndipo nthawi itayandikira anayamba kuchoka awiriawiri, kunka ku nyumba ya mowa kumene jenereta inali kulira. Tinatsala awiri m'chipinda cha mabenchi, ndi kandulo imodzi. Patapita kanthawi tinamva mfuwu waukulu kuchokera kumeneko, wonga wa anthu oona mkango utagwa m'mbuna, ndipo ana anathamanga mumsewu akufuula dzina la mnyamatayo. Anali atamwetsa chigoli chija cha patali chimene dziko lonse la Africa linachikamba. Mng'ono wanga sanatuluke. Anangovundukula mphika wa mpunga, nauyang'ana, nauvundikiranso. Potsiriza Morocco inapambana 2 kwa 1, ndipo m'mawa mwake mpungawo tinaugawira ana a asodzi.

Chaka chomwecho chinatsiriza ntchito yake. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu. Mu Meyi kwacha inatsikanso ndi magawo 25 mwa 100. Magetsi a Kapichira sanabwerere kufikira 2023. Ndipo cha mu Ogasiti ndi Seputembala kolera, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno isanathe, inafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya kumpoto. Palibe munthu anadwala ndi chakudya chathu, koma wapaulendo safunsa zimenezo. Angomva kuti kunyanja kuli matenda, natseka zenera la basi.

Pamenepo ndinatenga makope atatu atsopano, ndipo kwa masabata awiri ndinalemba zonse zimene ndinatha kukumbukira ndi kupeza m'malisiti, nyumba iliyonse m'kope lake. Ndinapempha amayi kuti aitane ankhazi ndi asibweni, ndiwo alongo a amayi, ndipo tinakhala pakhonde kumudzi. Ndinawerenga zonse, chaka ndi chaka, osadumpha katapila kapena fizi ya mwana uja. Nditatha panali chete, kotero kuti tinamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Ndinayembekeza kuti mlongo wanga adzalira kapena kunditukwana, ndipo zikadandipepukira. Koma iye anati, "Adumbu, ine ndinali kudziwa kuti nyumba yanga ili ndi phindu, pakuti ndine ndinali kugula ufa ndi kuwerenga mbale. Ndinayesa kuti mukundisungira." Sananenenso china tsiku lonse.

Mng'ono wanga anakwiya, si ndi mlongo wake koma ndi ine, nati ndinamuyesa mwana pomubisira. Akadadziwa mu 2014, akadatseka yekha ndi kubwerera ku fodya ali ndi mphamvu. Kapena akadatero, kapena ayi. Koma ufulu wosankha ndinamulanda ndine. Anaweruza ndi ankhazi, amene sanapite ku sukulu ndi tsiku limodzi lomwe. Anati Chiweta atsekedwe mwezi womwewo; nyumba ya pa boma ichititsidwe lendi kwa wina, ndipo lendiyo ilipire ngongole kufikira itatha, pambuyo pake idyetse amayi; Bolero akhale wa mlongo wathu yekha, ndi chitini chake, ndipo mwamuna aliyense wa banja lino asachikhudze. Za fizi ya zaka ziwiri anati ndibweze ine, pa penshoni yanga. Asibweni anavomereza, ndipo amayi anangoti, "Mwananga, atate ako anakupatsa buku chifukwa anati iwe sunama."

Mabenchi a pa Chiweta anagulidwa ndi mpingo wina wa kunyanja. Mng'ono wanga anapita ku Johannesburg, monga achita anyamata ambiri a kuno, angakhale iye sanalinso mnyamata. Atumiza mawu kwa amayi, ndipo kwa ine ayamba kutumiza chaka chino. M'nyumba ya pa boma, mmene atate anali kuwotcha masikono, tsopano agulitsamo simenti ndi misomali.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi magawo 44 mwa 100, ndipo ndinaopa kuti Bolero naye wapita. Koma mlongo wanga anali atachotsa kale kanema, nagulitsa firiji. Nyama agula m'mawa uliwonse kwa opha mbuzi pa msika, yokwanira tsiku limenelo. Nyemba ndi chimanga agula kwa alimi nthawi yokolola. Zokazinga anazichepetsa, ndipo ngongole apatsa anthu owerengeka amene adziwa minda yawo. Achibale adya ndithu, koma iye alemba dzina ndi mbale m'kope, ndipo kopelo likhala poyera pa tebulo. Sindinena kuti nyumbayo siingagwe, pakuti nayonso ikali kudya kwa fodya, ndipo fodya ali ndi adani ambiri m'maiko a kutali. Koma ikagwa idzagwa yokha, ndi mwini wake akuona.

Mwezi wathawu ndinapita kukapereka gawo lotsiriza la fizi ija; mwanayo tsopano ndi namwino. Mlongo wanga anawerenga ndalamazo kawiri, nazilemba, nandikhazika pa tebulo la pakona, nandipatsa nsima ya nyemba ndi mpiru, monga anali kuphikira amayi m'chisakasa chija. Nditasamba m'manja ndinaona akutsegula kope kuti alembe dzina langa pa tsamba la achibale. Ndinati, "Adumbu, lekani, lero ndilipira." Anandiyang'ana pang'ono, natseka kope, nalandira ndalamayo, natsegula chitini chake, nandibwezera chenji yonse.